Ulendo wa Amayi wa ku Gombe la Maroketi

Kabuku kaja kankakhala pamwamba pa filiji, kotsamiritsidwa ndi chitini cha masamba a tiyi, ndipo ngodya yake imodzi inali itapindika ndi nthunzi ya ketulo. Pachikuto pake panali roketi yoyera mbee ikunyamuka pamwamba pa chiutsi, m'munsi mwake anthu atakhala pamipando yopinda m'mphepete mwa nyanja, ana ali pamapewa a makolo awo, onse makosi ali m'mwamba. Mpaka lero ndikamva fungo la pepala lonyezimira lija, losakanikirana ndi la zovala zonyowa zoyanikidwa pa hita, ndimapezeka ndabwerera m'kafilati kathu ka ku Ilford, pamwamba pa shopu yochapira zovala, m'nyengo yozizira ya kuchiyambi kwa 2003. Ndinali ndi zaka khumi. Kabukuko kanabwera mu envulopu imodzi ndi mapepala a ntchito ya amayi, kuchokera ku kampani ina imene inkafunafuna manesi oti akagwire ntchito ku America, ku Florida, m'dera la m'mphepete mwa nyanja yamchere kumene amaulutsirako maroketi. Akuluakulu ankati kabukuko ndi kanga, ndizionera zithunzi. Ine ndinkadziwa kuti kabwera kudzanditengera amayi.

Musandiyese mwana wothawa mthunzi wake womwe, ayi, ndinali nditapsapo kale. Amayi anayamba andisiyapo ndili ndi zaka zisanu, tikukhala ku Chilomoni ku Blantyre, pamene ankabwera kuno ku London kudzagwira unesi. Palibe anandiuza. Chimene ndimakumbuka n'chakuti dzulo lake anandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kundiluka tsitsi timizere ting'onoting'ono, tolimba moti nkhope inachita kukokeka, ndipo madzulo tinadya mpunga ndi nkhuku pakati pa sabata, popanda mlendo, popanda Khirisimasi. M'mawa mwake anandiveka diresi yatsopano n'kundituma kuokala kukagula shuga. Pobwera ndinapeza pamene pankakhala sutikesi pangotsala malo ake oyera pasimenti. Ndinalira mpaka mawu anatha. Azakhali, alongo awo a abambo, amene anatsala akundilera, ankangondisisita kumsana n'kumati, "Tonthola iwe, misozi imaika minyama panjira ya munthu." Panapita zaka zitatu kuti ine ndi abambo tiwalondole amayi kuno, ndipo pabwalo la ndege ndinawapatsa moni wa dzanja ngati mayi wa eni.

Kwathu ulendo wautali salengeza. Umapakira mwakachetechete, umauza munthu mmodzi kapena awiri a m'magazi, ena onse amamva uli kale kutsidya. Akuluakulu amati si nkhanza, koma kuti mtima wa munthu suoneka: wina akuseka nawe mano onse panja pamene m'kati akufunsa kuti bwanji iwe osati iye. Mwana ndiye sauzidwa n'komwe, chifukwa pakamwa pake sipasunga kanthu, komanso amalira pakhomo ngati pali maliro a munthu wamoyo. Mwambo umenewu unakwera nafe ndege. Azakhali anaubweretsa wonse, osasiyako ndi kachidutswa komwe, pamene anatitsatira patatha chaka n'kuyamba ntchito m'nyumba ina yosamalira nkhalamba ku Romford. Ankagona m'chipinda changa, ine pabedi lapamwamba iwo lapansi, ndipo ankanunkhira sopo wa kuntchito ndi mafuta opaka m'mawondo. Anali mayi wopemphera, woimba nyimbo za m'buku uku akusita yunifomu, koma munthu akangotchula za ulendo ankayamba ayang'ana kukhomo. "Linda madzi apite ndiye uziti ndadala," ankatero, chala chili pamlomo. Za ku America sankazifuna ngakhale pang'ono. Tsiku lina ndinawamva akuuza amayi kukhitchini kuti, "Alamu, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. London yomweyi yakulakwirani chiyani?" Amayi anangopitiriza kudula anyezi.

Chimene London inawalakwira ndinkachiona ndekha, ngakhale sindinkafuna kuvomera. Amayi ankabwera kuchokera kuchipatala cha ku Romford pa basi ya 86 mapazi atatupa, n'kudziponya pampando jekete osavula. Khoma la kuchipinda kwathu linkamera nkhungu yakuda imene ndinkaipukuta ndi bulichi Loweruka lililonse, pofika Lachitatu n'kukhala yabwereranso, ndipo chifuwa changa sichinkatha. Abambo, amene ku Malawi anali mphunzitsi wa sayansi kusekondale, ana a anthu akulimbirana kuwanyamulira mabuku, kuno ankasanja zitini m'mashelefu mu shopu yaikulu ku Wembley, zala zitang'ambika ndi makatoni. Amayi ankati ku Florida kuli dzuwa ngati kwathu, nyumba zokhala ndi bwalo, ndipo abambo akhoza kukagwiranso choko. Iwo atsogola, mapepala athu akatuluka ife titsatira, miyezi isanu ndi umodzi basi. Zimenezi sankandiuza ine. Ankauzana okha m'Chichewa chothamanga, poganiza kuti mwana woyankha m'Chingerezi samva. Ha! Ndinkamva zonse, ndi zimene ankasiyira panjira zomwe.

Amene kabuku kaja kanawalowa m'magazi ndi abambo. Akakhala pa ofu ankakatsitsa pa filiji, kuvala magalasi, n'kundiitana ngati belu la kalasi lalira. Tinkayenda tsamba ndi tsamba. Panali munda wa maroketi akale, oimikidwa pakapinga ngati mitengo ya bulugamu, anthu akujambulitsa m'munsi mwake. Panali basi yozungulira ndi alendo odzaona malo, yodutsa pachinyumba chachitali chimene amalumikiziramo chombo cha mumlengalenga, ndipo abambo ankalumbira kuti m'kati mwake mumatha kupangika mitambo. Panali kamwala kochokera kumwezi kamene amalola munthu wamba kukakhudza ndi chala. Kenako nyanja: mchenga wosaoneka polekezera, mlatho wamatabwa wolowa m'madzi wokhala ndi malo odyera kumapeto kwake, akamba a m'nyanja obwera kudzaikira mazira pagombe, sitima zapamadzi zazikulu kuposa mdadada wathu wonse, ndi ng'ona zowothera dzuwa m'ngalande za m'mbali mwa msewu. Abambo ankatenga botolo la tomato sosi kukhala roketi, lalanje kukhala dziko, n'kumazungulira nazo tebulo, nkhope itawala ngati ya munthu amene wapezanso dzina lake. Azakhali ankasuzumira ali ndi mbale m'manja. "Chikomekome cha mkuyu," ankatero. "Dziko lanji loti poitana alendo n'kumawaonetsa ng'ona?"

Tsamba limene linandigwira ine linali la pakati. Panali chiwotchi chachikulu choimikidwa pakapinga pafupi ndi madzi, manambala ake aatali ngati ine. Abambo anandifotokozera kuti wotchi imeneyo imawerenga chobwerera m'mbuyo, kusonyeza nthawi imene yatsala kuti chombo chinyamuke. Tsiku la ulendo amalilengeza kukadali miyezi, m'manyuzipepala ndi pa wailesi, anthu amachokera kutali kudzamanga misasa pagombe, ndipo apaulendowo amatuluka atavala zovala zawo, akuimika manja kutsanzika. Ndinafunsa ngati ana awo amadziwa. "Amadziwa," anatero abambo, "amawapatsa malo awoawo oimapo, ndipo amawerenga nawo." Mawu amenewo anandikhala pamtima ngati mwala. Kodi kunja kuno kuli anthu opita kutali kuposa London, kutali kuposa America, koma palibe mwana amene amatumidwa shuga? Kuyambira tsiku limenelo masewera anga anali amodzi. Ndinkaima pamasitepe otsikira kumsewu, onunkha sopo wa m'shopu yapansi, n'kuwerenga mokweza kuti teni, naini, eyiti, mpaka wani, kenako n'kudumpha masitepe atatu nthawi imodzi, dzanja lili m'mwamba kutsanzika khoma.

M'nyumba zinthu zinayamba kusowa chimodzichimodzi. Chithunzi changa cha kusukulu chinachoka pakhoma, pakangotsala kamsomali. Zitenje ziwiri za amayi zinasiya kuoneka pochapa. Ntchito yanga ina ya Loweruka inali kusesa kapeti ndi huva, ndipo pansi pa bedi la makolo anga huvayo inagunda chinthu chimene kale panalibe: sutikesi yatsopano yabuluu. Sabata yoyamba inkasuntha ndikaikankha, sabata yachiwiri inakana. Ndinagwada n'kutsegula zipi ya kathumba ka pachivundikiro. Munali tikiti imodzi, dzina limodzi. Tsiku lake linali Lachiwiri la sabata ya holide ya pakati pa teremu, m'mwezi wa February, kutangotsala masabata atatu ndi masiku. Ndinatseka zipi, kubweza sutikesi pamalo pake penipeni, n'kupitiriza kusesa kuti phokoso la huva libise kupuma kwanga. Mantha anali pamenepo, koma mkwiyo ndiwo unali wambiri. Asankha holide kuti ndidzakhale pakhomo, oti n'kutumika.

Ndiye ndinaganiza nzeru, nzeru ya mwana wa zaka khumi. Ndinati ngati anthu onse adziwa tsiku, amayi sangazembenso, adzachita kunyamuka ngati a m'kabuku aja, ine nditaima pamalo anga. Amalawi tinkapemphera Lamlungu masana mu holo ya sukulu ina, yonunkha polishi ndi majekete onyowa, mipando yake ya ana moti azibambo mawondo ankafika pachifuwa. Itakwana nthawi ya zopempha, mkulu wa mpingo anafunsa ngati pali wina ali ndi nkhawa yoti tiitule. Ndinaimirira. Mawu ndinali nditawayeserera kubafa, m'Chichewa, kuti pasakhale wonamizira kusamva. "Ndikupempha mapemphero. Amayi anga akupita ku America, ku Florida, Lachiwiri la holide ikubwerayi. Akupita okha." Kenako mayi wina kumbuyo anaimba nthungululu, ena n'kuyankha kuti ame, ndipo ndinamva zikhadabo za azakhali zikulowa m'mkono mwanga kudutsa juzi. Amayi sanandiyang'ane. Anazyolika, maso ali pansapato zawo.

Pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero azimayi anawazungulira amayi. "Eee, koma mwatibisiratu!" "Ife tizingopukuta nkhalamba kuno, anzathu ku America." Onse ankaseka, koma ndinaona kuti kuseka kwina kunkathera pamano. Wina anali atakumbukira kale mchemwali wake wa kumeneko wofunika kumutumizira nsapato. Pofika Lachiwiri foni inali ikulira kuchokera ku Malawi, achibale amene sitinawamvepo chaka chonse akufunsa kuti bwanji amva kwa anthu. Azakhali ankayenda m'nyumba ngati muli utsi. "Wawaika amako pambalambanda," anandiuza akupinda zovala, osakweza mawu. "Maso onse aja wawaona? Ukudziwa chili m'mitima mwawo iwe? Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu." Anatenga mafuta opempherera n'kukadontheza pamakona anayi a sutikesi. Amayi sanandimenye, sanandikalipire, ndipo zimenezo zinkawawa kuposa mbama. Koma ndisaname, m'kati ndinkadzitama. Ndinkaona ngati ndapambana. Sabata imeneyo kunagwa chipale chofewa, mabasi anaima m'misewu, ndipo pofika Loweruka chinali chitasanduka matope akuda m'mbali mwa msewu.

Loweruka limenelo abambo anali pa ofu. Sabata yonse anali akundiuza kuti chombo china, chokhala ndi anthu asanu ndi awiri, chikubwerera kuchokera mumlengalenga ndipo chidzatera kugombe komweko, pamsewu wautali umene unali m'kabuku kathu. Ankati tidzachionera limodzi pa nkhani za madzulo. Amayi anali kuntchito. Ine ndinali kuchipinda ndi kansanza ka bulichi pamene ndinamva abambo akukweza TV masana, zimene sankachita. Nditatuluka ndinapeza ataimirira pakati pa balaza. Pagalasi panali thambo labuluu lopanda mtambo, ndi kamzere koyera kakulidula pakati. Kenako kamzereko kanagawikana, awiri, atatu, ambiri, kalikonse kakunyezimira n'kumatsika pakokha. Wowerenga nkhani ankabwereza mawu omwewo. Abambo anavula magalasi n'kundiuza, ngati akulankhula okha, kuti mabanja a anthu aja anali atakhala kale m'mbali mwa msewu woterapo chombo uja, akuyang'ana wotchi, ndipo wotchi inafika pa ziro kumwamba kuli zii. Azakhali anali pakhomo la kukhitchini, simbi ili m'manja. "Si izi," anatero. "Ulendo wouza dziko lonse." Sankayang'ana TV, ankayang'ana ine. "Achemwali, musamuopseze mwana," anatero abambo, "awa ndi makina, makina amawonongeka." Koma mawu awo ankanjenjemera, ndipo mwana amamva kunjenjemera kuposa mawu.

Amayi atabwera anaima pang'ono kutsogolo kwa TV jekete ili m'thupi, kenako anaizimitsa. Kabuku kaja kanachoka pa filiji tsiku lomwelo. Palibe anandiuza kanthu, koma masamu ndinawachita ndekha, ndipo ananditulukira bwinobwino: anthu aja analengeza, anaimika manja, ana awo anawerenga nawo, ndipo sanafike. Amayi anga ulendo woyamba anazemba, anafika. Tsopano ine, ndi pakamwa pangapa, ndawaimika pamaso pa mpingo wonse, tsiku ndi malo. Mayo ine! Kumwamba kwa Ilford sikusowa ndege, ndipo m'nyengo yozizira ndege iliyonse imasiya kamzere koyera kumbuyo. Pa buleki kusukulu anzanga akusewera mpira wamanja ine ndinkaima pampanda khosi lili m'mwamba, kudikira kuti kamzere kagawikane. Ndinasiya kudumpha masitepe. Ndinasiya ngakhale kuwerenga chobwerera, ndipo maikulowevu ikamawerenga masekondi otsala potenthetsa chakudya ndinkaitsegula isanafike pa ziro. Popemphera sindinkapemphanso kuti amayi asapite. Ndinkapempha kuti Mulungu aiwalitse anthu a mu holo muja zimene ndinanena.

Lamlungu linalo amayi anaimirira okha pa nthawi ya zopempha n'kuuza mpingo kuti mapepala avuta, ulendo wasunthira ku April kapena kupitirira. Anthu anapukusa mitu mwachisoni, ena mwina mokondwa, kaya. Madzulo ake tikutsuka mbale, iwo akutsuka ine ndikupukuta, anandiuza zomwezo maso ali m'sinki. "Wamva, eti? Mpaka April. Usamadandaule." Ndinayankha kuti ndamva. Loweruka lotsatira huva inagundanso sutikesi, yolemera ngati muli njerwa, ndipo zipi ya kathumba ija inali pomwepo, pafupi ndi dzanja langa. Sindinaitsegule. Ndinkaopa kuti ngakhale maso anga ali ndi minyama. Ndinangoona kuti amayi ayamba kuwaphunzitsa abambo kuyendetsa makina ochapira, kuwalembera pakapepala dzina la mankhwala anga a chifuwa, ndi kudzaza filiza ndi ndiwo zophikaphika m'timabokosi ta majarini, kalikonse kolembedwa pachivundikiro.

Holide inayamba. Lolemba masana amayi anayala chitenje pakapeti, kukhala pasofa, n'kundiitana. "Tabwera ndikuluke, tsitsi lako lasanduka tchire." Ndinakhala pakati pa miyendo yawo. Ndinamva fungo la mafuta a kokonati, mano a chipeso akudula mzere pamutu, ndipo nditamva kuchepa kwa mzere woyamba ndinadziwa. Timizere ting'onoting'ono, tolimba, toti tikhale mwezi, chifukwa abambo sadziwa kuluka ndipo azakhali zala zawo zinali zolimba ndi nyamakazi. Kukhitchini kunkamveka nkhuku ikukazingidwa, Lolemba. Amayi analuka maola atatu, pang'onopang'ono kuposa masiku onse, nthawi zina n'kuima, chikhatho chili pamutu panga osachita kanthu. "Pogona uzimanga mpango," anatero. "Ngakhale ine ndisakuuze, uzimanga." Mawu anali atafika pakhosi panga. Ndikanangotembenuka n'kunena kuti amami ndikudziwa, ndikanalira, iwonso akanalira, ndipo misozi imeneyo ikanagwera panjira yawo. Ndinaluma mlomo n'kunamizira kuti ndi tsitsi likuwawa. Mpunga ndi nkhuku ndinadya zonse, ndinapemphanso zina kuti aone kuti sindikudziwa kanthu.

Lachiwiri m'mawa kunja kunali mbuu, kamvula kakuwaza. Abambo anali atavala jekete ya kutchalitchi, akuti ali ndi kamsonkhano kuntchito. Amayi anandiitana pakhomo. "Tapita kwa amwenye pakona ukagule buledi ndi mkaka." Buledi anali m'kabati, wathunthu, ndinali nditamuona. Anagwada n'kundikokera zipi ya jekete mpaka pachibwano, ndipo anaigwira zipiyo nthawi yaitali ngati yakakamira. Ankanunkhira perefyumu amene sankapaka popita kuchipatala. "Usathamange, kukuterera." Ndinayang'ana batani la malaya awo, osati nkhope. "Chabwino, amami." Ndinatsika masitepe aja chimodzichimodzi, osadumpha, osacheuka. Paokala pa ku Chilomoni ndinapita wosadziwa. Uku ndinapita ndikudziwa zonse, ndi miyendo yanga yomwe, ndipo sindikukumbuka ntchito ina yolemera imene ndinagwirapo m'moyo mwanga kuposa kuyenda kamtunda kameneko.

Shopu ya pakona inkanunkha lubani, anyezi ndi manyuzipepala atsopano. Ndinatenga buledi ndi mkaka, kulipira, koma sindinatuluke. Msewu wathu unali wolowera kumodzi, choncho galimoto iliyonse yochoka kwathu inkayenera kudutsa pashopupo, n'kuchepetsa liwiro pachitunda cha pamsewu. Ndinaima pawindo, pakampata ka pakati pa mapepala otsatsa makadi oimbira foni kunja. Mwini shopu anandiyang'ana, koma sanandithamangitse. Sipanapite nthawi, takisi yasiliva inatulukira, kumbuyo kwake kutatsika ndi kulemera kwa sutikesi, abambo ali kutsogolo, amayi kumbuyo, mbali ya shopu. Sindinafune kuwerenga, koma manambala anabwera okha m'mutu. Teni, naini, eyiti. Galimoto inafika pachitunda, inatsala pang'ono kuima. Ndinaona chipewa chawo chaubweya, ndinaona nkhope itatembenukira kuwindo. Dzanja langa lamanja linayamba kukwera lokha. Ndinaligwira ndi linzake, buledi n'kuphwanyika pachifuwa, n'kulikanikizira m'thumba la jekete. Fili, thu, wani. Galimoto inakhota kulowera kumsewu waukulu.

Kunyumba ndinapeza azakhali atakhala pasofa manja ali pamiyendo, atakonzeka kundigwira ngati kale. Ndinadutsa, kuika mkaka mu filiji, buledi wophwanyika pafupi ndi mnzake wathunthu, n'kufunsa ngati pali zochapa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana iwe," anatero, koma sanamalize. Tsiku lonse ndinagwira ntchito zimene palibe anandituma, kupukuta nkhungu, kusesa pansi pa bedi pamene panangotsala makona anayi opondereza pakapeti. TV sindinalole kuti iyatsidwe, pawindo sindinayandikire. Diso langa silinagwetse kadontho. M'mawa mwake foni inalira, abambo anayankha, ndipo ndinamva mawu a amayi ali kutali, ang'onoang'ono, akuti afika bwino, kukutentha, aona kale mitengo ya kanjedza. Abambo anandipatsa foni. Ndinakhala pansi m'khonde n'kulira kulira kwa masabata atatu, ndipo ulendo uno azakhali sanandiletse.

Miyezi isanu ndi umodzi ija inasanduka zaka zinayi. Timizere tija tinamasuka patatha mwezi, ndinaphunzira kudziluka ndekha pagalasi la kubafa, ndinatha msinkhu azakhali ndiwo akundilangiza, amayi ali mawu a pafoni Lamlungu lililonse. Pamene ine ndi abambo tinakafika ku Florida ndinali wamtali kuposa iwo. Anatitengera konse kwa m'kabuku. Maroketi akale analipodi, atayamba dzimbiri m'malumikiziro, ng'ona zinali m'ngalande, kamwala ka kumwezi kanali kosalala ndi zala za anthu, ndipo abambo anakakhudza kawiri, maso ali ndi misozi. Ine zonsezo ndinkangoziona ngati munthu woperekeza. Basi ya alendo itadutsa pamene chiwotchi chija chinkaonekera patali, amayi anandigwira mkono, osandiyang'ana. "Ndinakuona tsiku lija, mu shopu ya amwenye," anatero. "Ndinali nditadziuza kuti akangokweza dzanja ndiimitsa galimoto, nditsike ndimukumbatire, ndege ikandisiya indisiye. Koma unangoima. Ndinati mwana wanga wandikwiyira mpaka kufa." Ndinawauza kuti dzanjalo ndinachita kuligwira, kuti ndege yawo isagwe. Wotsogolera alendo anapitiriza kufotokoza za kulemera kwa maroketi, dzanja la amayi likadali pamkono panga mpaka basi inaima.

Azakhali anamwalira kale, ndipo sindiwasungira chifukwa. Ankatiteteza ndi chimene ankadziwa, ndipo chinthu chimene ankachiopa, mtima wa munthu woseka nawe, nanenso ndachionapo nditakula. Koma mwambo uja unatidyera zaka zinayi ine ndi amayi, aliyense akuganiza kuti mnzake sanafune kutsanzika. Ndinabwerera ku London nditamaliza sukulu, ndimakhala ku Romford, ndipo ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi amene amamva Chichewa n'kuyankha m'Chingerezi. Anzanga amandiseka kuti ndimatsanzika ngati ndikupita kumwezi ngakhale pokataya zinyalala. Asekeni. Ndikakhala ndi ulendo ndimamuuza tsiku, timalilemba pakalendala ya pa filiji, timachotsera limodzi m'mawa uliwonse, ndipo akafuna kulira pakhomo ndimamusiya alire. Sabata yatha buledi anatha m'nyumba, shopu ili pafupi moti mwanayo akanatha kupita ndi bambo ake. Ndinavala jekete n'kupita ndekha, iye ataima pawindo, dzanja lili m'mwamba.